Abwana akuti ndifufute maseva onse ofiira pofika Lachisanu

Aphungu,

Tsamba lanuli ndinayamba kuliwerenga ndili pa sukulu, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amakulemberani za mabanja ndi zibwenzi. Nkhani yangayi ndi ya kuntchito, koma yalowa kale mpaka m'nyumba, ndiye mundipirire.

Ndine mayi wa mwana mmodzi. Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina yogulitsa mankhwala ku zipatala zing'onozing'ono. Mu ofesi mwathu tinalimo atatu: abwana, ine, ndi mnzanga amene tonse timangomuitana kuti Chimtali, chifukwa amachita kuwerama polowa pakhomo. Ntchito yathu yaikulu ndi kusamala maseva. Kwa amene sadziwa, seva ndi kompyuta yaikulu imene siizimitsidwa, yomwe imayendetsa zonse za kampani, kuyambira maoda a makasitomala mpaka katundu amene watsala mosungira. Pakhoma la ofesi yathu pali sikirini yaikulu, ndipo tili ndi pulogalamu imene imalondera maseva onsewo. Seva ikakhala bwino, dzina lake limaoneka lobiriwira. Ikasiya kuyankha, dzinalo limafiira, ndipo pulogalamuyo imatumiza uthenga ku foni ya amene ili sabata yake yolondera.

Miyezi yapitayi kampani inagula maseva atsopano. Akale aja tinawazimitsa n'kuwamasula m'mashelefu. Ena anagulitsidwa, ena angounjikidwa kuseri kwa chitseko, akudya fumbi. Koma palibe amene anakumbuka kuchotsa mayina awo mu pulogalamu yolondera ija. Ndiye iyo ikungowaitanabe, ngati mphunzitsi woitana mayina a ana amene anasamuka kalekale. Ikaitana osayankhidwa, imaliza foni. Pakapita kanthawi iitananso, foni iliranso. Tsiku lonse ndi choncho.

Amene anakonza pulogalamuyi ndi bambo wina amene tinkamutcha Injiniya. Anasiya ntchito chaka chatha atayambana ndi abwana, ndipo anachoka osasiya malangizo alionse. Mayina amene anapatsa maseva ndi oti amawamvetsa yekha: "yakale", "yakale-2", "yoyesera", "yoyesera-yeniyeni", ndi ina yongolembedwa kuti "osakhudza". Poyamba tinkaseka nawo mayinawa. Pano palibe akuseka.

Sabata yatha inali ya Chimtali. M'mawa wina seva yatsopano yolandira maoda inaima. Uthenga unabwera ndithu pa foni yake, koma unabwera pakati pa mauthenga ambirimbiri abodza aja, iye ali pansi pa tebulo la ku ofesi ya malipiro akukonza waya wa pulinta. Pamene tinkazindikira, malole anali atanyamuka kale ndi katundu wosakwanira, ndipo namwino wa chipatala china anali pa foni akufunsa kuti madiripi awo ali kuti. Masana omwewo Chimtali anauzidwa kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani yake iunikidwe. Ndinamuona akutsuka kapu yake ya tiyi n'kuiika m'chikwama. Potuluka anandiuza kuti, "Mlongo, foni imeneyi yakhala ikundinamiza miyezi yonseyi. Ndikanadziwa bwanji kuti lero yanena zoona?" Mkazi wake ndi woyembekezera, Aphungu.

Tsopano mu ofesi tatsala awiri, ndipo foni yolondera ili ndi ine. Lolemba abwana anandiitana n'kundiuza kuti eni kampani akubwera Lachisanu kudzaona ofesi yathu chifukwa cha zimene zinachitikazo. Analoza sikirini ija n'kunena kuti, "Ndikufuna khoma lonseli likhale lobiriwira. Chilichonse chofiira mufufute." Ndinawauza kuti ena mwa mayinawo sindikuwadziwa bwino, mwina tiyambe tafufuza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Mayi, chofiira ndi chakufa. Kapena mukufuna tichite kuitana dokotala adzatsimikize?"

Ndinayamba ndi amene ndinalibe nawo chikayiko, maseva amene ndinawanyamula ndi manja angawa powatulutsa. Ndinafufuta mayina awo, khoma linayamba kuoneka bwino, ndipo ndinaweruka mtima uli m'malo. M'mawa mwake nditalowa mu ofesi, ndinayang'ana pakhoma. Onse aja anali atabwerera, ofiira ngati kale. Ndinawafufutanso, mawa lake abwereranso. Mayi wina wa ku malipiro atasuzumira pakhomo anandiseka kuti, "Anthu anuwa simunawaike bwino, n'chifukwa chake akudzuka." Ndinaseka naye.

Komabe chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si obwererawo ayi. Ndi "yakale-2". Dzina limeneli limakhala lofiira nthawi zambiri, koma nthawi zina limabiriwira kwa kanthawi kochepa, kenako n'kufiiranso. Ndaliona ndi maso anga kangapo. Kompyuta yomwe ili pa mulu wa fumbi kuseri kwa chitseko singayankhe, ndiye pali chinachake chamoyo kwinakwake chimene chikuyankha ndi dzina limeneli.

Kampani yathu ili ndi chipinda chozizira, mmene timasungamo akatemera ndi mankhwala ena amene safuna kutentha. Ndikudziwa kuti pali kakompyuta kamene kamawerenga kuzizira kwa m'chipindamo, ndipo kukayamba kutentha kamachenjeza anthu. Koma dzina lake mu pulogalamu yathu sindikulidziwa, abwananso sakulidziwa. Ndinatsikira kosungira katundu kukafunsa mkulu wa kumeneko. Anandionetsa kabati yachitsulo pafupi ndi khomo la chipindacho. Nditaika khutu ndinamva kanthu kakulira pang'onopang'ono m'katimo. Iye anati, "Ine sindidziwa kuti ndi chiyani, mayi. Anangotiuza kuti tisamazimitse soketi iyi. Kiyi anali nayo Injiniya." Kabatiyo ndi yokhoma.

Nditabwerera m'mwamba ndinapempha abwana kuti ndimuimbire Injiniya, ndingomufunsa funso limodzi. Anati, "Dzina limenelo ndisalimvenso muno."

Ndiye taonani pamene ndili. Ndikafufuta "yakale-2" ndipo n'kupezeka kuti ndi kakompyuta ka chipinda chozizira, tsiku limene kadzafe palibe adzadziwe. Khoma lidzakhala lobiriwira, foni ili chete, akatemera akufunda m'katimo. Ndipo pulogalamu imasunga dzina la munthu amene wafufuta chinthu, ndiye dzinalo lidzakhala langa, osati la abwana. Koma ndikapanda kufufuta, Lachisanu eni kampani adzapeza chofiira pakhoma, ndipo ndaona kale mmene kapu ya tiyi imalowera m'chikwama. Dzulo ndinakhala nthawi yaitali chala chili pa mausi, dzina lija ndalisankha kale, pulogalamu ikundifunsa ngati ndatsimikiza. Pomaliza ndinangotseka n'kupita kukasamba kumaso.

Kunyumba nakonso kulibe mtendere. Apongozi anga akukhala nafe pakali pano chifukwa akulandira chithandizo cha mwendo. Foni ikalira tili pa tebulo amasiya kudya n'kuyang'ana mwana wawo, amuna anga. Tsiku lina analankhula mokhala ngati akulankhula ndi khoma kuti, "Foni ya mpongozi wanga imalira kuposa ya adokotala. Amene akumufunayo satopa?" Bambo a kunyumba ndi kalipentala, za makompyuta sazitsata. Poyamba ankangoseka, koma masiku ano amakhala chete. Ndinawaonetsa uthenga umodzi kuti adzionere okha. Unalembedwa kuti "yoyesera-yeniyeni sakuyankha". Anawerenga kawiri n'kundifunsa kuti, "Ndiye amene sakukuyankhaniyo ndani, nanga inu mukumufuniranji?" Sindikudziwa ngati ankachita nthabwala.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika Loweruka. Kusukulu kwa mwana wanga kunali tsiku la makolo, ndipo iye anali ndi ndakatulo yoti alakatule. Atangoimirira kutsogolo, foni inayamba kunjenjemera m'chikwama. Ndinkadziwa kuti mwina ndi bodza lomwe lija, koma ndinakumbuka Chimtali, ndipo ndinatuluka kukaona. Linali bodza ndithu. Pobwerera ndinapeza anthu akuwomba m'manja. Tikupita kunyumba mwanayo sanadandaule, anangondigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Amayi, foni yanu ija idzachira liti?"

Aphungu, ndichite bwanji? Ndimvere abwana, kapena ndikane n'kutsatira mnzanga kunyumba? Ntchitoyi ndimaikonda ndipo ndinaivutikira kuti ndiipeze. Koma masiku ano ndikamva foni ya munthu wina aliyense ikulira, ngakhale m'basi, mtima umandidumpha.

Ndine wanu wosowa pogwira,
T. E. K., mumzinda

Achemwali,

Choyamba pumani kaye. Mwachita bwino kuchotsa chala pa mausi paja, ndipo mantha anuwo si uchitsiru. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Abwana anu akungoona khoswe, inu mwaona ndi mkhate womwe.

Ine za maseva ndimazidziwa pamwamba chabe, choncho ndinapita ndi kalata yanu kwa alamu anga, amene amerera imvi pa ntchito ngati yanuyi. Atawerenga anati, "Vuto limeneli lilipo pafupifupi paliponse pamene anthu asinthapo makina. Muwauze mayiwo kuti asathamangire kufufuta, ayambe atontholetsa." Zambiri zimene ndikuuzeni pano za makinawo ndi zochokera kwa iwo. Za abwana ndi za kunyumba ndi zanga.

Musanakhudzenso kalikonse, koperani zonse za mu pulogalamuyo monga zilili lero n'kuzisunga padera, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera. Mukatero yendani ndi miyendo yanu, mukaone seva iliyonse imene ikugwiradi ntchito, kaya ili pa shelefu, kaya ili mwa makina ena, kaya ndi yobwereka kunja, ndipo muiyerekeze ndi mayina a pakhoma. Osadalira dzina lokha. Onaninso adiresi yake ya pa netiweki, chifukwa dzina ngati "yoyesera-yeniyeni" silikuuzani kanthu.

Maseva amene mwatsimikiza kuti kulibenso, alamu anga akuti mapulogalamu ambiri olondera amalola kuwaika pambali osawafufuta. Amasiya kuliza foni, amachoka pa sikirini yaikulu, koma mbiri yawo imakhalapo. Chitani zimenezo lero lomwe. Mabodza adzatha pa foni yanu, khoma lidzayera, ndipo simudzakhala mutataya chilichonse chimene simungachibweze. Kufufutiratu kudzabwere pakapita milungu ingapo, popanda wodandaula. Mbiriyo musaipeputse ayi. Ndi imene ingaonetse kuchuluka kwa mauthenga abodza amene ankafika pa foni ya Chimtali tsiku lija, ndipo ikhoza kumuthandiza nkhani yake ikamaunikidwa. Mukafufuta mwachisawawa mudzafufutira limodzi ndi umboni wa mnzanu.

Za obwerera m'mawa aja, musaope, palibe zamatsenga. Pulogalamuyo ikuwatenga penapake. Mwina pali fayilo imene imaiwerenga tsiku lililonse yomwe ikadali ndi mayina akale. Mwina inauzidwa kuti izidzifufuzira yokha maseva kuchokera ku gwero lina limene silinakonzedwe. Mwinanso seva yatsopano inakoperedwa kuchokera ku yakale ndipo ikudzitchulabe dzina la malemu. Tsegulani dzina limodzi mwa obwererawo muone pamene palembedwa chimene chinalilowetsa. Mukapanda kupeza gwerolo mudzakhala mukusesa masamba mtengo ukuyoyolabe. Ndipo mukadzafika pochotseratu, kumbukirani kuti dzina limodzi limabisala malo angapo: m'magulu a maseva, m'malamulo otumizira mauthenga, m'malipoti a mwezi. Mukachotsa pamodzi n'kusiya pena, foni ikhoza kulirabe, kapena lamulo lina labwinobwino likhoza kusiya kugwira ntchito mwakachetechete.

Tsopano "yakale-2". Imeneyo musaifufute, musaitontholetsenso. Chinthu chimene chimayankha nthawi zina ndi chamoyo. Alamu anga akuti mwina adiresi ya seva yakale inapatsidwa kwa chipangizo china, monga laputopu ya munthu amene amabwera n'kuchoka. Koma mwinanso ndi kakompyuta ka m'kabati kaja, ndipo ngati ndi komweko, kufiirafiirako kukutanthauza kuti kakudwala panopa, osati mtsogolo. Tsatani adiresiyo muone waya umene ikutulukira. Kabati ndi ya kampani, si ya Injiniya, ndiye pemphani chilolezo kuti loko atsegulidwe ndi wokonza maloko. Imbiraninso kampani imene inamanga chipinda chozizira, iwo adziwa chimene anaikamo. Ndipo mpaka zimenezi zidziwike, pemphani mkulu wosunga katundu kuti anthu ake aziwerenga okha kuzizira kwa m'chipindamo pafupipafupi n'kumalemba. Chimenechi chokha musachisiyire mawa.

Abwana anu musawatenge ngati mdani. Nawonso ali ndi mantha, Lachisanu likuwadikira ngati mmene likukudikirirani inu. Munthu wamantha mukamuuza kuti "sindichita" amakwiya, koma mukamubweretsera njira yotulukira amamvetsera. Alembereni imelo yaifupi, yaulemu. Muwauze kuti pofika Lachinayi mayina onse a maseva ochotsedwa adzakhala atachoka pakhoma, kupatula limodzi limene mukuliganizira kuti ndi la chipinda chozizira, ndipo mufotokoze chimene chingachitike likafufutidwa molakwika. Kenako mukawaone pamaso. Auzeni kuti kwa eni kampani adzaoneka ngati bwana amene watulukira ngozi isanachitike. Akaumirirabe kuti mufufute, apempheni mofatsa kuti akuyankheni pa imelo yomweyo. Ambiri amene amalamula ndi pakamwa amayamba kuganiza kawiri akauzidwa kuti alembe.

Za Injiniya, musamuimbire mobisa. Zikadzamveka, nkhani idzasiya kukhala ya akatemera n'kukhala ya kusamvera kwanu. Ngati njira zina zonse zakanika, lembani m'imelo momwemo kuti funso limodzi kwa iye likhoza kuthetsa nkhaniyi, ndipo musiye abwana asankhe. Safunsa adadya phula, koma mwambiwu musawauze ndinu.

Zikadzakhazikika, pemphani zinthu ziwiri. Pakhale lamulo loti seva isanatuluke pakhomo, dzina lake lichoke kaye mu pulogalamu. Ndiponso foni yolondera isakhale ya munthu mmodzi sabata ndi sabata. Mutu umodzi susenza denga, ndipo inu mwatsala pang'ono kudwala nayo.

Kunyumba, lekani kuonetsa amuna anu mauthenga amene ngakhale abwana anu sawamvetsa. Akhazikeni pansi muwauze nkhani yonse monga mwandiuzira ine: za Chimtali, za chipinda chozizira, za Lachisanu. Ndi kalipentala, akudziwa kuti munthu sachotsa mtanda padenga asanaone chimene ukunyamula. Ndikukhulupirira kuti kukhala chete kwawoko n'chifukwa choti akuona kuti mukuvutika koma simukuwauza. Apongozi musalimbane nawo, mwana wawo akamvetsa adzawafotokozera yekha. Mwana wanuyo mupempheni akulakatulireni ndakatulo ija pabalaza, foni mutaisiya m'manja mwa bambo ake. Chimtali muimbireni, ngakhale kungomupatsa moni. Munthu woimitsidwa ntchito amaganiza kuti onse amuiwala.

Chenjezo langa ndi ili. Foni ikadzakhala chete, musadzafulumire kukondwa, chifukwa pulogalamu yabwino ndi pulogalamu yosweka zonse zimakhala chete mofanana. Gwirizanani ndi abwana, muimitse dala kanthu kena kosafunikira kwenikweni, muone ngati uthenga ufika. Ndipo ngati Lachisanu lidzakwana "yakale-2" isanadziwike mwini wake, isiyeni yofiira pakhomapo. Alendo akafunsa, muwayankhe kuti mukuifufuza ndipo muwauze chifukwa chake. Manyazi a kadontho kofiira amatha alendo akangotuluka pa geti, koma katemera wofunda amakabayidwa pa mkono wa mwana wa munthu.

Aphungu